Mganda Umene Unakana Kuima pa Nathenje

Mukadzafika pa siteji ya Nathenje n'kumva wina akukuwa kuti "Komanda", musacheuke poganiza kuti muona msilikali. Akuitana ine. Ndine kondakitala wa minibasi, ndipo dzinalo si laulemu. Ambiri amene amanditchula choncho sadziwa kumene linachokera. Amene akudziwa mumawazindikira msanga, chifukwa amalitchula pang'onopang'ono ngati akumung'unya switi. Ndatopa kumva nkhani yanga ikukambidwa ndi anthu amene panalibe, ndiye ndiikamba ndekha kamodzi, ithe.

Mawu akuti komandi ndinawaphunzira tsiku langa lomaliza kusukulu. Ndinali Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwathu ku Mitundu. Aphunzitsi athu a Chingerezi, a Mwale, analemba mawuwo pabolodi, nawazunguliza ndi choko, n'kunena kuti ndi mawu amodzi koma amasenza matanthauzo ngati njinga ya makala. Loyamba, anati, kukomanda ndi kulamula munthu popanda kumupempha, monga amachitira asilikali, ndipo wolamulayo ndiye komanda. Anatinso ngakhale kompyuta imakomandidwa. Imachita chenicheni chimene waiuza, chanzeru kaya chopusa, mpaka utaiuza kuti isiye. (Kompyuta pasukulupo inalipo imodzi, mu ofesi, yofunditsidwa chitenje ngati wodwala malungo. Sindinaione ikumvera munthu.) Kenaka anati munthu amene chiyankhulo chimamugonjera, mawu n'kumangobwera okha pakamwa, amati ali ndi komandi ya chiyankhulocho.

"Latsala tanthauzo limodzi," anatero a Mwale, "ndipo ndi lalikulu kuposa onsewa."

Asanalitchule, ahedi anagogoda pachitseko kudzatulutsa ife a fizi yosakwana. Ndinatuluka ndi makope anga m'jumbo, ndipo sindinabwererenso. Pamenepa musandifunse zambiri, ndimapsa mtima msanga.

Chimene chinandisunga chaka chimenecho kuti ndisapenge ndi mganda. Kwa inu okulira m'tauni, mganda ndi gule wa amuna. Amavina m'mizere ngati asilikali, atavala malaya oyera, makabudula oyera ndi masokosi ofika m'mawondo. Aliyense amagwira badza, kachikho kobowola kamene ukaimbiramo kamalira ngati njuchi yonenepa. Kwathu tinkayamba kuyeserera fodya akachoka m'zigafa, minda itayera, dzuwa likamapendeka. Bwalo lathu linali kuseri kwa tchalitchi. Ng'oma ikangolira, amayi ochokera kumjigo ankaima ndi zidebe pamutu mpaka makosi kuwawa. Fumbi linkakwera lofiira, mabadza akulira onse pamodzi, ndipo amuna amene m'mawa anali alebala otukwanidwa ndi akapitawo pa esiteti ankaponda pansi ngati dziko ndi lawo. Sindinaonenso chinthu chokongola chotero, ndipo ine si munthu woyamikira zinthu.

Komanda wa gulu lathu anali atsibweni anga, achimwene awo a mayi anga. Ankavala chipewa cha khaki cha mlomo wakuda, chimene anatsala nacho atasiya ulonda pa esiteti, ndi wezulo wa chingwe m'khosi. Anali munthu wa mawu otsika. Ankati "Atesheni", "Fowadi machi", "Abautani", "Holoti", koma ankanena ngati akupatsa mlendo mpando. Ine zinkandinyansa. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene amavutikira ndi Chingerezi chimene sachidziwa.

"Mphwanga," anatero, "mumzere wachiwirimo muli alamu anga aakulu. Kutsogoloko kuli a Kamtedza, amene anandiphunzitsa kusoka fodya. M'Chichewa ndingawauze bwanji anthu amenewo kuti 'ima'? Chizunguchi ndi chovala, monga kabudulayu. Tikamaliza timavula."

Ndinamva, koma sizinalowe. Mumtima ndinkati vuto la atsibweni ndi loti sanafike Fomu 2.

Patapita zaka zingapo kunabwera uthenga wa ukwati ku Nathenje. Mkwatibwi anali Esitere, amene tinkakhala naye kalasi imodzi. Iye anamaliza sukulu bwinobwino. Mayi ake, poti kwawo ndi m'mudzi mwathu, anaumirira kuti paukwati wa mwana wawo pakhale mganda wakwawo, osati masipika okha. Ndinamvanso kuti a Mwale aitanidwa. Masiku omwewo atsibweni anaponda msomali pachigafa, mwendo n'kutupa ngati mtondo. Anandiitanitsa ali gone pamphasa.

"Gululi ulitenge, upite nalo, ubwere nalo," anatero. "Ine mawondo anatha kale, msomaliwu wangondikumbutsa. Ukabwera nalo bwino, chipewachi ndi chako."

Mumvetse. Kwathu cha atsibweni chimagwera mphwawo, ndiye panalibe wodabwa. Koma kwa ine chipewacho sichinali chipewa chabe. Anzanga anali ndi masatifiketi. Ine ndinali ndi khasu ndi Chingerezi cha theka. Chipewa chimenecho chinali chinthu chokhacho padziko chimene chikanachititsa kuti munthu andione n'kunena kuti uyu ndi uje.

Anandipatsanso wezulo. Ndinakakoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinati zoliza ndi za oimbira mpira ndi anthu opanda Chingerezi. Ine ndinkafuna a Mwale akamve pakamwa panga.

Tsiku loyamba kuyeserera ndinaika malamulo. Mowa ayi mpaka titabwerako ku Nathenje. Apa panamveka kung'ung'udza, koma anavomera. Lachiwiri ndi limene linandipha. Ndinati palibe kuyenda, kutembenuka kapena kuima popanda mawu otuluka pakamwa panga. Ndinali nditazindikira kuti nthawi ya atsibweni anthu sankadikira kwenikweni komandi. Woimba ng'oma yaikulu, a Lefani, ankasintha kamvekedwe pang'ono, aliyense n'kudziwa kuti tikuima, ndipo atsibweni ankangoikapo "Holoti" wawo pamwamba ngati mchere. Ine ndinaona ngati kumeneko ndi kubera.

"A Lefani," ndinatero, "kuyambira lero ng'oma sikulamula. Ikayamba isaleke mpaka ine nditanena."

A Lefani anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula. Anayang'ana ndodo yawo yoimbira kaye.

"Ngakhale manja atatopa?"

"Ngakhale atatopa."

"Nanga kutsogolo kukakhala chitsime?"

"Chitsimecho ndichiona ndine."

Anagwedeza mutu. Ndinayesa agonja.

Sindinalekere pomwepo. Ndinayamba kuwatchera misampha. Ndinkaimika manja m'mwamba ngati ndikuti imani, osayankhula, ndipo amene waima ankazungulira bwalo chothamanga. Ndinapempha wogulitsa usipa wina wodutsa panjinga kuti akuwe "Holoti" kuchokera kumsewu. Theka la gulu linaima, ndipo theka limenelo linathamanga. "Komandi ndi mawu a komanda," ndinkatero, "si manja, si ng'oma, si mawu a wina." (Chiganizo chimenechi ndinkachikonda kwambiri. Ndinkachinena ngakhale ndili ndekha kubafa.)

Pakati pa othamangawo panali a Kamtedza, bambo a imvi, amene anatsogolera adzukulu pokumba manda a bambo anga. Ankavina kutsogolo, kumapeto kwa mzere, ndipo anali ndi nthabwala zosatha. Madzulo ena anachedwetsa mwendo, ine pakamwa panandithawa.

"Iwe wakumapetowe, mwendo!"

Mabadza anazima limodzi ndi limodzi. Ng'oma yokha inapitiriza, poti sindinaiuze. A Kamtedza anachotsa badza pakamwa.

"'Iwe' ameneyo ndine, bwana?"

"Pamzere palibe wamkulu."

"Oho." Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mosapsa mtima. "Chabwino, bwana Komanda. Tamva. Tizichita zimene mwanena, zokhazokhazo."

Kuyambira tsiku limenelo gulu linasintha. Palibe ankaima pa manja. Wausipa anakuwanso mpaka kutsokomola, palibe anacheuka. Madzulo ena ndinawasiya dala akuguba mpaka anakagunda mpanda wa tchalitchi, ndipo anapitiriza kuponda pamalo pomwepo mphuno zili paudzu. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndagula galimoto. Ndinati ndapanga kompyuta ya anthu.

Kukuwa konseko kunali ndi mtengo wake. Mayi anandiuza kuti mawu anga ayamba kumveka ngati wilibala yopanda girisi, ndipo anandibweretsera dzira laliwisi ndi uchi, monga amachitira a kwaya. Ndinakana. Ndinati msilikali samwa mazira.

Tsiku la ukwati tinanyamuka m'mawa pa lole yonyamula fodya. Munali mu Julaye, mphepo yake yolowa mpaka m'mafupa, msewu fumbi lokhalokha. Anthu anzeru anakhala pansi atafunda zitenje za akazi awo kuti zoyera zisade. Ine ndinaima kutsogolo, chifuwa pamphepo, chipewa cha atsibweni chobwerekacho nditachigwira ndi dzanja, ndikuyambitsa nyimbo ndi kudzudzula amene sakuvomera. Fumbi lonse la pakati pa Mitundu ndi Nathenje ndinalimeza ine. Tili pafupi kufika, a Kamtedza anandikodola n'kutulutsa kabotolo m'sokosi.

"Si kumwa ayi, bwana. Kungotsukira kukhosi. Mawu anuwo akupita."

Ndinalanda kabotoloko n'kukhuthulira mumsewu. A Kamtedza anayang'ana kumene kachasu wawo wagwera mpaka tinakhota. A Lefani anatseka maso ngati akupemphera.

Madyerero anali pabwalo la sukulu ina ya pulayimale. Panali tenti, mipando yapulasitiki, masipika aatali ngati munthu, ndi mnyamata wa jekete yonyezimira amene ankayendetsa mwambo pa maikolofoni. Perekaniperekani anali atayamba kutentha. Esitere anakhala pambali pa mwamuna wake kuseri kwa tebulo la keke, atawerama monga amachitira akwatibwi. A Mwale ndinawaona msanga, mzere wachiwiri, suti yotuwa, mwendo pamwamba pa unzake.

Atatiitana, tinandanda kunja kwa bwalo. Ndiyenera kunena kuti tinkaoneka bwino. Zovala zinachapidwa ndi kusitidwa ndi simbi yamakala mpaka makabudula ankatha kuima okha. Amuna a m'mudzi mwathu, amene ndinawazolowera ali m'nsanza zonunkha fodya, anali mbee padzuwa, zibwano m'mwamba. Kumbuyo kunali ng'oma yaikulu pamsana pa woinyamula, a Lefani ali chilili ndi ndodo. Ndikatseka maso lero ndimawaonabe choncho, ndipo ndimafuna nkhaniyi ikanathera pamenepo.

Dongosolo linali losavuta. Kuguba kulowa m'bwalo, kuima patsogolo pa tebulo, kupereka sawatcha kwa akwati, kenaka kuvina.

"Atesheni!" Mawuwa anatuluka bwino. Mapazi anagunda pansi kamodzi.

"Fowadi machi!" Awa anathyokera kumapeto ngati tambala wophunzira kulira, koma ng'oma inawaphimba. Tinalowa. Nthungululu zinabuka mbali zonse. Mayi ake a Esitere anadzuka n'kuyamba kuvina atatambasula chitenje, akukuwa kuti akwathu afika. Ine ndinkaguba pambali, ndikuponya maso kwa a Mwale. Anali atatsitsa mwendo uja, akuyang'ana.

Titayandikira tebulo ndinakoka mpweya wonse, ndinatsegula pakamwa, ndipo panatuluka kamphepo ngati ka tayala lobooka. Ndinayesanso. Kamphepo komweko. Ndinameza malovu, ndinadzimenya pachifuwa, ndinayesa kachitatu. Dzanja linapita lokha pakhosi kufuna chingwe cha wezulo, n'kupeza batani la malaya. Wezuloyo anali ku Mitundu, kuseri kwa chitseko.

Gulu silinachedwetse ngakhale phazi limodzi.

Amene anazindikira msanga ndi amayi awiri a komiti. Ananyamula tebulo ndi keke yomwe n'kuthawira nalo kumbali. Mkwati anakweza miyendo pampando, Esitere anakumbatira velo yake, ndipo mizere yathu inadutsa m'tenti, wina uku wina uku, ikukankha mipando ngati ng'ombe m'chimanga. Ndinathamangira kutsogolo, n'kuima pamaso pa a Kamtedza manja ali m'mwamba. Nkhope yawo inali ngati ya mkulu wa mpingo pa mgonero. Anasuntha badza pang'ono n'kuyankhulira kumbali kwa pakamwa.

"Komandi ndi mawu, bwana. Si manja."

Anandilambalala.

Kuseri kwa tenti kunali kophikira. Amayi anabalalika ndi zikombe m'manja, wina akukoka mwana, wina akuteteza dilamu ya thobwa ndi thupi lake. Amuna athu analumpha nkhuni mwadongosolo, mzere ndi mzere, osaphonya ng'oma. Mnyamata wa jekete uja anayamba ndi ulemu. "Abale athu a ku Mitundu, bwalo lili kuno." Kenaka, "A ku Mitundu, taimani kaye." Wina ayenera kuti anamunong'oneza, chifukwa anakuwa "Holoti!" pa masipika onse, mawu omveka mpaka kumsewu waukulu. Palibe ngakhale mmodzi anagwedezeka. (Ndivomere pano kuti pakati pa manyazi onsewo, kamtima kena kananyadira. Ndinawaphunzitsa ndine.)

Choipa kwambiri n'chakuti anthu anayesa ndi sitayilo yatsopano. Ana anayamba kutitsatira, kenaka achinyamata, kenaka amayi ndi nthungululu zawo. Nditacheuka ndinaona tenti itatsala ndi akwati, nkhalamba zingapo, ndi beseni la perekaniperekani lili lokha pakati pa bwalo. Mayi ake a Esitere anali ataleka kuvina.

Tinatuluka m'bwalo la sukulu n'kulowa m'munda wokololedwa. Mapesi ankathyoka, chisoso chikumamatira masokosi oyera aja mpaka kuda. Ndinathamangira kumbuyo kwa a Lefani n'kugwira mkono wawo. Anandikutumula ngati ntchentche, ndodo osaphonya.

"Munati mpaka mutanena," anatero. "Nenani."

Ndinanena. Ndikulumbira kuti ndinanena. Milomo inkachita zonse zoyenera. A Lefani anatchera khutu mwaulemu, n'kupukusa mutu, n'kupitiriza.

Munda utatha tinatsikira kumadimba. Mwini dimba loyamba anali akuthirira mpiru. Anaimika kheni n'kuyamba kutukwana, koma anthu ovala zoyera oguba ndi ng'oma sutukwana nthawi yaitali. Anangodzipatula n'kugwira m'chiuno, akuonerera mabedi ake akusanduka bwalo. Kutsogolo kunali kamtsinje ka matope. Kutsidya kwake, pakamtunda, panali nyumba ina imene pakhonde pake panakhala amuna ndi zipanda za mowa. Apa ndinaona chinthu chimene sindinaphunzitse. Mzere wa a Kamtedza unayamba kukhotera kunyumba imeneyo pang'onopang'ono, popanda komandi ya munthu.

Nzeru yokhayo imene inanditsalira inali foni. Ndinaimbira atsibweni ndikuthamanga.

"Halo, mphwanga?" anayankha. Ndinapumira mufoni. "Halo? Ng'oma yolowerayo bwanji sikutha? Bwalo lake ndi lalitali bwanji kumeneko?"

Ndinapumiranso. Misozi inali itayamba, ya fumbi kapena ya china, sindikudziwa. Pamenepo wina ananditsomphola foni m'manja. Anali a Mwale, jekete pamkono, tayi ili paphewa, akupuma ngati akwera phiri la Bunda.

"Bambo, ndine Mwale, mphunzitsi. Mwana wanu mawu amuthera, ndipo gulu lanu likulowa mumtsinje."

Kenaka ndinamva, ngakhale ng'oma inkalira, atsibweni akuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Atapezako mpweya anati, "Tandipatsirani a Lefani."

A Mwale anathamanga chammbali, nsapato zawo zaukwati zikumira, n'kuika foni pakhutu pa a Lefani. Ndinali pafupi, ndinamva zonse. Sanakuwe. Sanayankhule Chingerezi.

"Achimwene, pepani. Mwanayo wamva. Zakwana."

A Lefani anasintha kamvekedwe kaja, kamene ndinakaletsa, ndipo gulu lonse linaima kamodzi, mwaukhondo, ngati lagunda khoma. Mzere wakutsogolo unali m'matope mpaka mu akakolo. Anthu otitsatira anaomba m'manja. A Kamtedza anayang'ana nyumba ya kutsidya ija, n'kuyang'ana a Mwale.

"Aphunzitsi, mukanachedwako pang'ono tikanafika."

A Mwale anandibwezera foni. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndakukumbuka. Unatuluka phunziro lija lisanathe." Ndinagwedeza mutu. Analoza foniyo ndi chibwano. "Tanthauzo lotsala lija ndi limeneli. Pali munthu amene amakomanda ulemu. Anthu amamupatsa okha, sachita kuwalanda. Munthu wotero sakuwa."

Ndikanakhala ndi mawu ndikanawayankha zoti anandiphunzitsa mochedwa, ndi zoti amene ananditulutsa m'kalasi si ine. Koma ndinalibe. Ndi tsiku lokhalo m'moyo mwanga limene munthu anandiuza zoona ine osamubwezera.

Tinabwerera kubwalo wamba, aliyense akuyenda mmene akufunira. Kenaka anavina popanda komanda. A Lefani ankatsogolera ndi ng'oma, a Kamtedza akudumpha ngati mnyamata, matope akuuluka m'masokosi. Sindinawaonepo akuvina choncho, kale kapena pambuyo pake. Ngakhale mkwati anadzuka. Ine ndinakhala kuseri kwa sipika, chipewa chili pamiyendo, ndikuchotsa chisoso. Mayi ake a Esitere anandidutsa kawiri osandiona. Mwini dimba yekha ndi amene anandifunafuna mpaka kundipeza, ndipo akuluakulu anagamula kuti nditsale ku Nathenje ndimuthandize kubzalanso ndi kuthirira mpaka mpiru utagwira. Umu ndi mmene ndinadziwira Nathenje ndi anyamata a pa siteji. Ntchito imene ndikugwira lero inayambira m'dimba limenelo.

Nditabwerera kwathu, mawu atayamba kubwera ngati a chule, ndinapeza atsibweni pakhonde, mwendo uli pachitsa. Ndinagwada n'kuika chipewa pamphasa.

"Ndinati upite nalo, ubwere nalo," anatero. "Wabwera nalo?"

"Linabwera, atsibweni."

"Linabwera, eya. Linakusiya kudimba." Anatola chipewacho, nachikuntha fumbi, n'kuchiika pabondo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. "Ng'oma ikusowa woinyamula. Uja akudandaula msana."

Chipewa chinapita kwa a Kamtedza. Ine ndinanyamula ng'oma pamsana, a Lefani akuimenya kuseri kwa makutu anga mpaka mano kunjenjemera. Poyamba ndinkayesa ndi chilango, ndipo chinalidi chilango. Koma ukanyamula ng'oma umamva zinthu zimene wapambali samva. Msana umadziwa kuti tikuima miyendo isanadziwe. Tinkapita ku maukwati, ku Malingunde, ku midzi ya kufupi, pa ngolo kapena wapansi, tikudya chinangwa m'njira, a Kamtedza akusimba nkhani ya ku Nathenje paliponse pamene taima, ulendo uliwonse mtsinje ukukula. Pomaliza unali ndi ng'ona. Ndinkatukwana chamumtima, koma masiku abwino kuposa amenewo sindinakhale nawo.

Zonsezo zinatha. Atsibweni anamwalira mvula itangoyamba chaka china, ndipo gulu linawaperekeza kumanda litavala zoyera, popanda wonena komandi. A Lefani anapita kukakhala tenanti ku Kasungu, ng'oma inadyedwa ndi makoswe m'nyumba ya katekisiti. Anyamata amene akanalowa m'mizere ali pa njinga zamoto, akulimbirana makasitomala pa Mitundu. Maukwati a masiku ano amangobwereka masipika, nyimbo zake zofanana kuyambira kuno mpaka ku Diamphwe. Bwalo la kuseri kwa tchalitchi analimapo soya. Mayi anandipatsa wezulo uja maliro atatha, akuti atsibweni anasiya mawu oti ndizikhala nayo pafupi. Ndimayenda nayo m'thumba la buluku mpaka lero, pamodzi ndi makiyi.

Musaganize kuti ndinasintha. Ndimakuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, "Tauni, tauni", "Sunthani kumbuyoko", "Anayi pampando", ndipo mawu sanandithereponso ngakhale tsiku limodzi, pano pamene alibe ntchito yeniyeni. Palibe amandimvera. Munthu amasuntha akafuna.

Mwezi wathawu a Kamtedza anakwera minibasi yathu, akupita kuchipatala m'tauni kukaonetsa maso. Akalamba, akuyendera ndodo. Sanandipatse moni, ine ndinayesa sanandizindikire, ndipo ndinathokoza Mulungu. Titafika mudepoti anthu onse anatsika. Iwo anakhalabe, ndodo pakati pa miyendo, maso kutsogolo, nkhope ya mkulu wa mpingo ija.

"Tafika, bambo," ndinatero.

"Ndaona, bwana Komanda. Ndikudikira komandi."

Dalaivala anali akuliza hutala, anthu obwerera akukankhana pakhomo. Ndinamva mawu aja akukwera kukhosi, athunthu, okwanira kugwetsa munthu pampando. Ndinawameza. Ndinatsika, n'kutambasula manja onse awiri.

"Chonde, bambo, tiyeni ndikutsitseni."

Anandigwira mkono n'kutsika pang'onopang'ono. Ataponda pansi anandisisita paphewa.

"Mwayamba kukhoza," anatero. "Koma kabotolo kanga kaja simunabweze."

Ndinawayang'ana akulowa m'chigulu cha anthu mpaka imvi zawo zinasowa. Kenaka ndinatembenuka n'kupeza mnyamata wina akulowetsa thumba la makala pampando wa anthu, ndipo ndinamukalipira mpaka depoti yonse inacheuka. Sanalichotse.